Makina Osokera Amene Anagula Kompyuta

Tsiku limene Bulashi anagwa mphwayi palibe amene anamunyoza. Anangoima tsidya lina la msewu, chitini cha penti chili m'manja, n'kumaonerera amuna awiri akukhoma banala losindikiza pamakina pamwamba pa chikwangwani cha sitolo ya zitsulo. Chikwangwanicho analemba ndi iyeyo, ndi dzanja, atakwera makwerero dzuwa likuswa mtengo. Chinali chomaliza mumsewu wonsewo. Cha ometa tsitsi, cha ogulitsa nyama, cha sukulu ya mkaka, zonse zinali zitaphimbidwa kale.

Mwini sitolo anamuona ndipo anawoloka msewu kudzamupatsa moni.

"A Bulashi, musandione ngati woipa. Dzanja lanu ndi labwino, koma awa amandipangira lero lomwe, ndi chithunzi cha wilibala chili pomwepo."

"Zamveka, bwana," anayankha Bulashi. Anasekako pang'ono kuti munthu asachite manyazi, kenako n'kubwerera kunyumba penti asanamutsegule n'komwe.

Inu amene ntchito yakutherani m'manja musanakalambe, nkhani iyi ndi yanu.

Dzina lakuti Bulashi anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa ankayenda ndi kabulashi kuseri kwa khutu monga amachitira akalipentala ndi pensulo. Ankakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi mkazi wake komanso ana awo awiri apasukulu. Mkaziyo anali telala. Makina ake osokera, akuda opalasa ndi mwendo, ankakhala pakhonde, ndipo kuyambira pamene zikwangwani zinasiya kubwera, makinawo ndi amene ankadyetsa nyumba yonse. Bulashi ankawamva akulira kuyambira m'mawa iye atangokhala manja lende, ndipo zinkamuwawa.

Manyazi atamukwana, anapita kumene kunachokera mavuto ake, ku shopu yosindikiza mabanala. Mwini wake anali mayi wosachedwa ndi nkhani. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zodontha penti, n'kumupatsa sizasi kuti azidula m'mphepete mwa mabanala ndi kuboola mabowo a zingwe.

Bulashi anadula, naboola, koma pakamwa panamukanika kutseka. Tsiku lina akuyala banala la sukulu ina anapukusa mutu.

"Mayi, zilembo izi zapanikizana. Munthu ali pa njinga sangawerenge."

"Ndiye kakonzeni," anatero mayiwo akuloza kompyuta.

Iye anali asanagwirepo mausi, kachipangizo kolozera pa kompyuta, chibadwire. Dzanja limene linkalemba mzere wowongoka popanda rula linkalephera kuwongolera kanthu kakang'onoko, ndipo ankakakanikiza ngati akupha nsikidzi. Mayi wosindikiza anaseka mpaka kupukuta misozi, komabe anamulola kuti azikhalapo nthawi ya nkhomaliro. Miyezi inapita, nkhomaliro iye osaidziwa. Pang'ono ndi pang'ono dzanja linazolowera, ndipo zimene maso ake ankadziwa kale, monga kutalikirana kwa zilembo ndi mitundu imene imagwirizana, zinayamba kuonekera pa sikirini.

"Ntchito mukuitha," anamuuza mayiwo tsiku lina. "Koma kompyuta ndili nayo imodzi, ndipo ndi yomwe imayendetsa makina osindikizira. Pezani yanu. Ndizikutumizirani anthu ofuna kujambuliridwa, inu muzijambula, ine ndizisindikiza."

Bulashi anakafotokoza nkhaniyi kunyumba mongocheza, podziwa kuti ndalama yogulira kompyuta kunalibe koichotsa. Mkazi wake anamvetsera akumaliza mpendero wa siketi. Patapita masiku angapo anamuitana pakhonde.

"Abambo, makinawa ndawapezera wogula."

"Makina ati? Awa? Ndiye tizidya chiyani?"

"Mnzanga wa kumsika uja ali ndi makina awiri. Akuti ndizikasoka pa akewo, tizigawana. Zichepa, koma sitigona ndi njala."

Bulashi anakana, nakananso. Mkaziyo anangodikira kuti amalize.

"Ndaganiza kale. Chimodzi chokha, abambo. Makina ndi amodzi. Ndilibe ena oti ndidzagulitsenso."

Makina ananyamulidwa pa wilibala. Pakhonde panatsala timabowo tinayi pamene miyendo yake inadya simenti.

Kompyuta yatsopano yam'sitolo inali yosayandikirika mtengo, choncho mayi wosindikiza anamulangiza kuti akagule zipangizo chimodzichimodzi kwa wokonza makompyuta, amulumikizire. Poopa kupusitsidwa, Bulashi anatengana ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene ankagulitsa mafoni ndipo ankatha Loweruka lililonse akusewera magemu a pakompyuta. Pa nkhani ya mawaya, banja lonse linkamvera iyeyo.

Shopu ya wokonza makompyuta inali yopapatiza, yodzaza mabokosi otsegula m'mimba mpaka kudenga. Mwini wake, bambo wolankhula motsitsa, anafunsa kaye funso limodzi.

"Muzigwiritsa ntchito yanji?"

"Zikwangwani, mabanala, timapepala tomata pa katundu."

"Mavidiyo ayi? Magemu ayi?"

"Ayi."

Bamboyo anayamba kuyala zinthu pa kauntala. Anatulutsa purosesa, kanthu kochepa ngati bisiketi kamene kamagwira ntchito yonse yoganiza, nanena kuti asatenge yodula kwambiri, ingokhala yapakati koma yotha kutulutsa yokha zithunzi pa sikirini. Anaika bolodi lolumikizira zonse, lotchipa bwino. Pa memori ndi pamene anakana kunyengerera. Anati isachepere ma GB 16, chifukwa banala lalikulu likatsegulidwa pa memori yochepa, kompyuta imaima ngati bulu wotopa. Chosungira mafayilo anasankha cha mtundu wothamanga umene amati SSD, chaching'ono, poti china angadzawonjezere m'tsogolo. Kabokosi kogawa magetsi anatenga kolemera, nachenjeza kuti kotchipa kakapsa kamapita ndi zinzake zonse. Bokosi lakunja analoza lakale lopindika pakona, nati limenelo ndi chitini chabe.

"Ndalama yotsalayo," anatero, "yonse ipite ku sikirini. Ntchito yanu ndi ya maso."

Apa ndi pamene mlamu anatsokomola.

"Alamu, mukufuna anthu akuseke? Kompyuta yojambulira yopanda khadi la zithunzi? Taonani ilo."

M'kabati yagalasi munali khadi lalikulu la mafani atatu, loyaka timagetsi tosinthasintha mitundu. Mtengo wake unali wofanana ndi wa sikirini yabwino.

"Nanga sikirini?" anafunsa Bulashi.

"TV ili kunyumba ija ndi chiyani? Yaikulu bwino, yowala bwino. Waya mmodzi basi, nkhani yatha."

Wokonza makompyuta anapukusa mutu. "Khadi limenelo ndi la magemu ndi mavidiyo. Pa zikwangwani lizingodya magetsi. Ndipo TV si sikirini yojambulira."

"Akulu awa akufuna akugulitseni sikirini yawo," ananong'ona mlamu, mokweza ndithu kuti onse amve.

Tisamuweruze msanga Bulashi. Munthu amene wakhala nthawi yaitali akuoneka wotsalira amalakalaka kanthu kamodzi kooneka kamakono, koti anthu akalowa m'nyumba aone kuti pano pali ntchito. Anayang'ana timagetsi tija, mtima n'kugwa pomwepo.

"Tipatseni khadilo."

"Ndalama ndi zanu," anatero bamboyo, n'kuyamba kumanga.

Kunyumba kompyuta inayaka bwinobwino. Ana anaombera m'manja timagetsi, aneba anabwera kudzasuzumira, mlamu n'kumayendayenda pabalaza ngati wagula ndi iyeyo. Mkazi wa Bulashi anafunsa ngati zonse zofunika zagulidwa, ndipo atauzidwa kuti inde, anakhulupirira.

Ntchito yoyamba sinachedwe. Mayi wosindikiza anatumiza bambo wina wopanga sopo, amene ankafuna mapepala atsopano okutira sopo wake. Sopoyo anthu ankamudziwa ndi pepala lobiriwira ngati ndimu yosapsa, moti ambiri m'magolosale sankatchula dzina, ankangoti "wobiriwira uja". Bamboyo anasiya pepala limodzi lakale nanena kuti china chilichonse asinthe, koma mtunduwo ukhale womwewo.

Bulashi anaikapo mtima wonse. Zilembo anaziyala bwino, malo opumira maso anasiya okwanira. Koma mtundu wobiriwira pa TV unkaoneka wolusa, wobaya m'maso, wosiyana ndi wa pepala lakale lija. Anauchepetsa mphamvu. Unkawalabe, nauchepetsanso, mpaka TV ndi pepala zinagwirizana. Fayilo anakapereka monyadira.

M'mawa mwake anapeza bambo wa sopo ataima pakhomo la shopu yosindikiza, mulu wa mapepala uli patebulo. Mtundu umene unatuluka unali wa masamba ofota, wakuda ndi wozizira.

"Uyu si sopo wanga," anatero bamboyo mosakweza mawu. "Ndikakutira umu, anthu aziti ndi wachinyengo." Anatenga chipewa chake n'kumapita.

"Makina anu alakwitsa, mayi," anatero Bulashi. "Kunyumba zikuoneka bwino."

Mayi wosindikiza sanatsutse. Anangotsegula fayilo ija pa kompyuta yake n'kutembenuzira sikirini kwa iye. Masamba ofota omwe aja anali pamenepo.

"Mumaonera pa chiyani kunyumbako?"

"Pa TV."

Mayiwo anagwira pachipumi. "TV anaipanga kuti izikometsa zinthu. Imawonjezera kuwala, imakoleza mitundu, kuti mpira ndi mafilimu zizisangalatsa. Inu mumachepetsa mtundu umene unalibe vuto."

Bulashi, amene sankakhulupirira penti yaiwisi mpaka iume, iye amene ankakana kusakaniza mitundu m'nyumba mpaka ataitulutsa panja pa dzuwa, anali atakhulupirira TV osaifunsa funso ngakhale limodzi.

"Mapepala awonongekawa ndimeza ine," anapitiriza mayiwo. "Bambo aja ndiwanyengerera adikire mpaka kutha kwa mwezi. Koma mukaphonyanso ndiwapatsa ena, ndipo sindidzakutumiziraninso munthu. Nanenso ndili ndi dzina loti ndiliteteze."

Madzulo mkazi wake anafika kuchokera kumsika atatopa, mapazi atatupa ndi kupalasa makina a eni ake. Bulashi anaganiza zobisa, koma anaona kuti bodza lingowonjezera katundu. Anafotokoza zonse, kuyambira pa malangizo amene anawakana. Mkaziyo sanakalipe. Anayang'ana bokosi lija likuthwanima pakona.

"Ndiye chikuwalacho ntchito yake ndi yotani?"

"Pa ntchito yangayi, palibe."

"Makina anga ali mmenemo?"

Mawu amenewo anamupweteka Bulashi kuposa kukanidwa kwa mapepala, chifukwa anali oona. Mkaziyo analowa kukhitchini, ndipo tsiku limenelo nkhani inathera pomwepo.

Pamalo ngati amenewa ndi pamene anthu ambiri amasiyira. Ena amaloza chala mlamu, ena amati makompyuta ndi a ana a masiku ano, n'kuphimba bokosi ndi nsalu. Bulashi anaganizapo zonsezi. Koma kutacha anatenga sikuludilaiva, namasula khadi lija, nalikulunga m'thaulo. Ulendo uno anapita yekha.

Wokonza makompyuta ataona thaulo anadziwa kale. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofotokoza kuti khadi lotsegulidwa silibwerera pa mtengo wake, ndipo ndalama yake singakwane sikirini yatsopano. Anali ndi masikirini angapo ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku ofesi ina imene inatsekedwa.

"Kodi kompyuta iyaka popanda khadili?" anafunsa Bulashi.

"Iyaka. Purosesa ija imatulutsa yokha zithunzi. Mungosamutsa waya."

Anayatsa masikirini onse pa kauntala. Yaikulu kwambiri inali yowala mokopa, ndipo Bulashi anadzigwira kuti asaiyang'ane kawiri. Tsopano anasankha monga mmene ankasankhira penti.

"Ndionetseni mtundu wa phulusa pa onsewa."

Bamboyo anamuonetsa. Wopenta aliyense amadziwa kuti mtundu wa phulusa subisa kanthu. Pa sikirini ina unapendekera ku buluu, pa ina kufiira. Pa ziwiri zokha ndi pamene unakhala phulusa lenileni. Bulashi anasuntha n'kuziyang'ana cham'mbali, kenako anagwada n'kuziyang'ana cham'munsi. Imodzi inada atangopendeka mutu. Inayo sinasinthe.

"Imeneyo ndi ya mtundu umene amati IPS," anatero wokonza makompyuta. "Koma ndi yaing'ono, ndipo mwendo wake ndi wosweka."

"Mwendo ndimanga ndi waya. Tiinyamulire pakhomo, ndiione pa kuwala kwa kunja."

Anainyamula onse awiri, waya ukukokeka pambuyo. Bulashi anaika pepala loyera pambali pake, napempha kuti achepetse kuwala mpaka kuyera kwa sikirini kufanane ndi kuyera kwa pepala. Atakhutira, anaimanga pa njinga.

Mlamu anafika madzulo ake n'kupeza bokosi lazima timagetsi, pambali pake kasikirini komangidwa ndi waya.

"Alamu, mwagulitsa galimoto n'kugula ngolo."

"Ngolo yake ikufikitsa katundu," anayankha Bulashi osacheuka. "Mukafuna mpira, TV yamasuka."

Ngakhale sikirini yabwinoyo sanaikhulupirire yokha. Kale akamasakaniza penti ankapaka timizere pa kathabwa, n'kudikira kuti tiume asanakhudze khoma la kasitomala. Anachita chimodzimodzi. Anajambula timabokosi ta mitundu yobiriwira yosiyana pang'onopang'ono, napempha mayi wosindikiza kuti atisindikize m'mphepete mwa ntchito za anthu ena, pamalo amene amadulidwa n'kutayidwa. Mayiwo anavomera poti sizinkamudyera kanthu. Ulendo woyamba palibe kabokosi kamene kanafanana ndi pepala lakale la sopo. Anabwerera, nasintha, nasindikizanso. Ulendo wotsatira tiwiri tinayandikira.

Mwezi unali kumapeto. Bulashi anadula kachidutswako n'kupita nako kwa bambo wa sopo, amene anamupeza kuseri kwa nyumba akudula sopo ndi waya. Bamboyo sanaonetse kukondwa pomuona.

"Bambo, sindinabwere kudzapepesa ndi pakamwa. Tulukani padzuwa pano, musankhe nokha."

Bamboyo anapukuta manja. Anaika pepala lake lakale pa kachidutswa kaja n'kumalisuntha kuchoka pa kabokosi kena kupita pa kena. Anachedwa ndithu. Kenako chala chinaima.

"Uyu."

Mayi wosindikiza anayamba ndi pepala limodzi lokha. Bambo wa sopo anabwera ndi sopo m'thumba, namukutira pomwepo, namuika patebulo pambali pa wakale. Anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, pamene wogula angaimire m'golosale, n'kuyang'ana.

"Uyu ndiye sopo wanga. Sindikizani onse." Ali pakhomo anacheuka. "Ndili ndi mafuta odzola amene akufunanso pepala. A Bulashi, mubwere mawa."

Musaganize kuti chuma chinagwa kuchokera kudenga. Ntchito zinkabwera imodzi lero, ina sabata yamawa. Wa sopo anauza wa uchi, wa uchi anauza wa sukulu, ndipo chimene ankauzana n'chakuti munthu uyu mtundu umene wakuonetsa ndi umene umatuluka. Mkazi wake anapitiriza kusoka pa makina a mnzake mpaka nyengo ya mvula inadutsa. Kompyuta ija, ndi bokosi lake lopindika, sinaimepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Ndalama zitakwana, Bulashi anapita kwa amene anagula makina aja kukapempha kuti awawombole. Munthuyo anakana. Anati makinawo ndi abwino kwambiri ndipo sangawasiye pa mtengo uliwonse. Bulashi anabwerera wokhumudwa, koma mkazi wake anangoti ankadziwa kale, wogula makina otero sabweza.

Loweruka lotsatira anapita onse awiri ku shopu yogulitsa makina osokera akale. Mkaziyo ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mizere, kupukusa gudumu lililonse ndi dzanja, khutu ataliyandikiza. Kutsogolo kwenikweni kunali makina oyera onyezimira, okhala ndi mabatani ambiri ndi kagetsi kounikira pa singano. Bulashi anaima pamenepo. Ankafunitsitsa kuti mkazi amene anamutayira makina ake atuluke ndi chinthu chooneka.

"Amayi, taonani awa. Akuwala bwino."

Mkaziyo anamuyang'ana, nayang'ana kagetsiko.

"Abambo, mwayambiranso?"

Anapitirira mpaka kumapeto kwa shopu, kumene kunali makina akuda osupuka penti. Anakhala pansi, natulutsa kansalu m'chikwama, napalasa. Anatembenuza nsaluyo kuti aone ulusi wapansi, naikoka mbali zonse ziwiri, msoko osasuntha.

"Awa," anatero. Ndipo kwa nthawi yoyamba chigulitsireni makina ake, Bulashi anamuona akumwetulira ndi nkhope yonse. Makinawo Bulashi anawanyamula yekha pamsana mpaka pamsewu, osalola wina amuthandize.

Inu amene muli ndi ndalama yochepa ndipo mwayi wanu ndi umodzi, funsani kaye chimene ntchito yanu ikufuna, ndipo ndalama ipite kumeneko. Mukaphonya, monga anaphonyera Bulashi, musabise ndipo musaphimbe bokosi ndi nsalu. Masulani chimene munalakwitsa, mubwerere nacho, muyambirenso ndi zimene zatsala. Luso limene munaliphunzira ndi thukuta silinathe ntchito, langosowa chida chatsopano. Osataya mtima, makamaka ngati pali wina amene anagulitsa chake kuti inu muimirire.